Zipere za pa mpando wanga wometera

Ndine wometa. Ndakhala ndikumeta anthu pa Mlare kuyambira nthawi ya mashini a manja, aja okanikiza ndi zala mpaka dzanja kuchita dzanzi. Lero ndili ndi a magetsi, batire ndimatchaja pa sola ya padenga. Shopu ndi kachipinda ka malata: mpando umodzi, galasi limodzi, benchi panja. Khoma ndi khoma ndi ine pali golosale ya bambo wina wa ku Mangochi. Takhala limodzi zaka zambiri ndipo timanyozana tsiku lililonse.

Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Chaka chimenecho ndinajomba mwezi umodzi, ndinapita ku Kaporo kukathandiza bambo anga kuoka mpunga. Nditabwerako ndinapeza anzanga ali patali. Ndinachita manyazi, ndinajombanso sabata, kenako ina, basi. Palibe anandichotsa. Choncho ndimadziwa mmene sukulu imathera kwa mwana. Siitha tsiku limodzi.

Ana ndili nawo anayi. Anyamata atatu analekezera panjira ngati ine. Wotsiriza ndi mtsikana, ndipo iyeyo ndiye anali wa sukulu. Ankawerenga chilichonse, ngakhale nyuzipepala zakale zimene ndinamata pa khoma la shopu. Nthawi imene ndikunenayi anali sitandade seveni. Ndinali nditatsimikiza kuti m'nyumba mwanga mmodzi yekha afike ku sekondale.

Pasukulu ya pulayimale ya kwathu lamulo ndi lakuti mwana aliyense, wamwamuna kapena wamkazi, azibwera ndi tsitsi lalifupi. Kuluka ayi, duku ayi, chipewa ayi. Wobwera ndi tsitsi lalitali tsiku lotsegulira, aphunzitsi amamudula mzere ndi sizasi pakati pa mutu n'kumubweza. Ndiye Loweruka ndi Lamlungu teremu isanayambe, benchi yanga inkadzaza. Ena ankakhala pansi, mumthunzi wa golosale, mwini wake n'kumadandaula kuti akumutsekera makasitomala.

Ana a zipere analipo chaka chilichonse. Savuta kuwadziwa. Pamutu pamakhala malo ozungulira, otuwa ngati pathiridwa phulusa, tsitsi lothyokathyoka, mwana akungokanda. Ine za zipere ndinkadziwa chinthu chimodzi, chimene anandiuza mkulu amene anandiphunzitsa ntchitoyi: mwana wa zipere umamumeta mpala kuti dzuwa liwotche, ziume. Mpala umafuna mashini amphamvu, opanda chipeso, mano ake azikhudza khungu lenilenilo. Batire langa limakhala ndi mphamvu m'mawa. Pofika madzulo mashini amayamba kulira motopa n'kumakoka tsitsi. Choncho ndikatsegula ndinkatuluka panja, kuyang'ana mitu yonse, n'kunena kuti, "A zipere patsogolo."

Makolo ankandiyamikira. Ankati wometa wa pa Mlare sanyansidwa ndi ana a anthu. Inenso ndinkaona ngati ndikuchita chifundo.

Ndikamaliza a zipere ndinkayamba ena onse. Mashini omwewo, bulashi yomweyo, nsalu ya pakhosi yomweyo. Sipiriti ndinkapopera, sindikukana, koma mzere ukatalika ndinkapopera pakadutsa mitu itatu kapena inayi. Bulashi sindinaichapepo. Ndinkangoimenyetsa pa mwendo wa mpando. Mwana wanga ankakhala wotsiriza, chifukwa wa pakhomo amadikira. Pamenepo mashini amakhala atatopa, ankamukoka ndi kumukala pang'ono kuseri kwa khutu. Sankadandaula. Ankakhala maso ali pa nyuzipepala za pakhoma.

Inali teremu ya Januwale, mvula ndi kutentha pamodzi. Patatha masabata atatu chitsegulire, mkazi wanga anandiitana pakhonde, atagwira mutu wa mwana.

"Abambo, taonani apa."

Ndinaona. Kamodzi, pamwamba pa khutu lakumanja.

"N'kachipere aka. Mawa abwere kushopu."

"Mumumete mpala? Mwana wamkazi, wa sitandade seveni?"

"Ndamuuza kuti abwere."

Anabwera. Ndinamumeta mpala. Sabata itatha zinali zinayi, china chitatsikira pakhosi, china patsaya.

Mkazi wanga sanandifunse. Anamutenga kupita naye kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Anabwerako ndi kachubu ka mankhwala opaka, oyera ngati otsukira mano.

"Ati tizipaka m'mawa ndi madzulo," anatero. "Atinso Lachisanu la sabata ya mawa tibwerereko. Akuti za pamutu kawirikawiri zimafuna mapiritsi, koma lero mapiritsiwo kulibe."

"Mapiritsi a chiyani? Matenda ali kunja, piritsi lipita m'mimba. Zikakumana kuti?"

"Ine ndanena zimene andiuza."

Anapaka. Ndinene zoona, mankhwalawo anagwira. Cha patsaya ndi cha pakhosi zinafufutika. Za pamutu zinasiya kutuwa, mwana anasiya kukanda. Lachisanu lija litafika kunali maliro kumudzi kwa mkazi wanga. Anandiuza kuti ndimuperekeze mwana ine. Ndinayang'ana mutu, ndinati zatha, ndinatsegula shopu. Kachubu kanatha. Patapita masabata awiri zinabweranso, zazikulu kuposa poyamba, ziwiri zitalumikizana pakati pa mutu.

Kusukulu anayamba kumutcha mapu. Izi ndinazimva kwa mayi ake, iye sanandiuze. Akuti mnyamata wina wokhala kumbuyo kwake ankatenga rula n'kumaloza, "Apa ndi pa Chitipa. Apa pa Nsanje. Nyanja ili kuti?" Ena ankamufunsa ngati bambo ake amameta ndi khasu. Mayi ake anamumanga duku. Pafolo ya m'mawa aphunzitsi anamuvula pamaso pa sukulu yonse, chifukwa cha lamulo lija.

"Lamulo ndi lamulo," ndinatero nditamva.

Koma zinandiwawa. Osati chifukwa cha mwana yekha, ndivomere. Mwana wa wometa kuyenda ndi mutu wotero pamsika womwewo, anthu ankandiyang'ana.

Pampando wa wometa pamakhala madokotala ambiri. Tsiku lina ndikumeta dalaivala wa minibasi, mwana wanga anadutsa panja. Dalaivala anamuona pagalasi.

"Adada, mukuvutikiranji? Ife tinakulira mafuta a mabuleki. Kupala pang'ono ndi lezala, kudontheza, kamodzi kokha. Chimapsa mpaka muzu."

Wa golosale anali ataima pakhomo ndi kapu ya tiyi.

"Achimwene, mutu wa mwana wasanduka minibasi?"

"Inu gulitsani sopo," ndinamuyankha.

"Sopo ndikugulitsa. Ukanagulako wochapira nsalu yakoyo. Ndinaiona koyamba mwana wanga woyamba asanabadwe."

Tinaseka. Madzulo ake ndinapita kwa wokonza njinga zamoto, anandithirira mafutawo m'kabotolo.

Ndinadikira tsiku limene mkazi wanga amapita ku umanyano, msonkhano wa amayi a kutchalitchi. Izi zokha zikusonyeza kuti ndinkadziwa kuti akana. Ndinamukhazika mwana pampando, ndinatseka chitseko. Ndinapala chipere chachikulu chija ndi lezala mpaka kuonekera kufiira, n'kudontheza ndi thonje. Anagwira mikono ya mpando mwamphamvu.

"Adada, chikuwotcha."

"Ndiye kuti chikugwira."

Sanalire. Ankandiyang'ana pagalasi.

Patatha masiku atatu malowo anatupa ngati theka la ndimu, ofewa, otuluka mafinya m'timabowo tambiri. M'khosi munatuluka mwanabere. Mkazi wanga sanakalipe.

"Mwamuthira chiyani mwana?"

Ndinamuuza.

"Ndi wanu nokha?"

Kenako anati mawa kuchipatala. Ndinati tidikire, tizitsuka ndi madzi ofunda a mchere, ndi mmene chimapsera. Chifukwa chenicheni chinali chakuti kuchipatala akafunsa amene anachita zimenezi. Pa zonse zimene ndinalakwa, sabata imeneyo ndi imene imandilemera. Zina zija ndinachita posadziwa. Iyi ndinkadziwa.

Mwana ankadzuka m'mawa, kusamba, kuvala yunifolomu, kunyamula makope, kupita. Ankabwera nthawi yoweruka. Ine ndinali chete, ndinkati bola sukulu ikuyenda.

Tsiku lina cha m'ma teni, wa golosale anadikira kuti kasitomala wanga atuluke. Analowa, anakhala pampando, chinthu chimene sachita ngati sakumetetsa.

"Achimwene, mwana wanu anasamuka sukulu?"

"Ayi."

"Ndiye sukulu yasamukira kuseri kwa chigayo. Lero ndi tsiku lachisanu akazi anga akumuona kumeneko."

Ndinasiya shopu chitsegukire.

Ndinamupeza atakhala pa tayala lakale la thalakitala, kuseri kwa khoma la chigayo. Kope limodzi anali atadziphimba nalo pamutu, lina akuwerenga. Ntchentche zinali kuzungulira. Atandiona anaimirira.

"Ukutani kuno?"

"Ndikuwerenga."

"Kalasi ndi ino?"

Chigayo chinkalira. Ndinachita kusendera pafupi kuti ndimve.

"Palibe akufuna kukhala desiki imodzi ndi ine. Akuti ndikununkha. Ntchentche zimanditsata mpaka m'kalasi, adada. Aphunzitsi akamalemba pabolodi, anzanga amawerenga kuti ntchentchezo zilipo zingati."

"Ukanandiuza."

"Mukanandithiranso."

Kenako anati, "Sindibwererako." Ananena mosalira, mosakwiya, ngati munthu akunena kuti kunja kukugwa mvula. Mawu otere ndimawadziwa. Mwana wolira amabwerera. Wonena choncho amakhala atatsanzika kale mumtima.

Ndinamulanda makope ndinanyamula ine. Tinayenda wapansi mpaka kuchipatala.

Tinadikira pabenchi mpaka masana. Wotiona anali mayi wachitsikana, wolankhula Chichewa cha kuchigawo chapakati. Anavala magulovu, anachotsa kansalu kamene ndinamuphimba nako panjira, anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwapaka chiyani apa?"

Mwana anayang'ana ine.

"Mafuta a mabuleki," ndinatero.

"Anapaka ndani?"

"Ine."

"Nanga amamumeta ndani?"

"Ine ndemwe."

Anaika cholembera pansi.

"Ndinu a shopu ija yoyandikana ndi golosale?"

"Eya."

"Bambo, teremu ino ndaona ana a zipere ambiri kuposa kale. Aliyense ndikamufunsa kumene amametetsa, akuloza kumodzi. Ndimaganiza zoti ndikupezeni."

"Ndabwera ndekha."

Anandifunsa mmene ndimagwirira ntchito. Ndinamufotokozera zonse: mpala, dzuwa, batire, a zipere patsogolo. Mbali ya a zipere patsogolo ndinainena mokweza pang'ono, chifukwa ndinkaganizabe kuti ndi pamene pali ubwino wanga.

Sanandiseke. Anati chipere ndi kanthu kamoyo, kangati chuku chimene chimamera pa chimanga chonyowa. Kali ndi fumbi lake losaoneka. Fumbilo limatsalira pa tsitsi lodulidwa, m'mano a mashini, m'bulashi, pansalu, ndipo limatha kukhala miyezi lili moyo. Dzuwa silipha. Kumeta mpala n'kukala khungu kumangolitsegulira njira.

"Mumalima, bambo?"

"Ndinkalima."

"Ndiye mumvetsa. M'mawa mumadzaza mbewu m'mashini. Tsiku lonse mumafesa."

Ndinayang'ana manja anga. Ndinayamba kukumbukira mitu. Ana amene ndinkawameta teremu ino ali bwino, teremu yotsatira n'kubwera ali pa mzere wa kutsogolo. Ndinkati zipere zachuluka chifukwa makolo a masiku ano sasambitsa ana. Ndinanenapo zimenezi kwa makolo enieniwo, mashini ali m'manja.

Ndinafunsa za mankhwala opaka aja, chifukwa ndinali nditawaweruza kale kuti ndi achabechabe.

"Si achabe," anatero. "Cha patsaya chili kuti? Cha pakhosi? Pakhungu lopanda tsitsi lambiri amachiza, bola osalekeza mukangoona kuti chafufutika. Pamutu ndi pena. Kanthuka kamalowa m'kati mwa tsitsi mpaka ku mizu, kumene opaka safika. Amayeretsa pamwamba, amachepetsa fumbi kuti asapatsire anzake, koma pansi kali moyo. Piritsi ndi limene limafika ku muzu, kudzera m'magazi. N'chifukwa chake ndinawauza mayi ake kuti abwerenso."

"Anandiuza."

"Ndiye?"

"Ndinatsegula shopu."

Anatsuka balalo. Anati tisafinye, tisaboole, tisathire china chilichonse. Anatipatsa mankhwala a mafinya ndi kachubu kena. Mapiritsi a ziperewo anali asanabwerebe, ndiye anandilembera pepala loti ndikawapeze ku boma. Anati amwe tsiku lililonse kwa masabata asanu ndi limodzi, mwina kuposa, ndi chakudya cha mafuta kuti agwire bwino.

Mwana anafunsa.

"Tsitsi limeranso?"

"Malo ambiri limera. Apa pakatipa sindikulonjeza."

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku boma, ndinabwera ndi mapiritsi. Madzulo ndinamasula mano a mashini. Mafuta ndinkathira, koma kumasula ndinali ndisanamasulepo. Pansi pa mano panali tsitsi losakanikirana ndi fumbi lotuwa, lopanikizika, lolimba ngati chikopa. Ndinalichotsa ndi msomali. Bulashi ndinaiwotcha. Nsalu ndinataya, ndinagula zina zitatu ndi sopo pagolosale. Mwini wake anandipatsa osanena kanthu. Zikanandipepukira akananyoza.

Mwana ankamwa piritsi lake ndi chambiko, mkaka wowawasa umene timagula kwa oweta ng'ombe. Sanadumphe tsiku. Mayi ake ankapaka m'mawa ndi madzulo. Pilo, thaulo ndi chipeso chake zinali zakezake. Patatha masabata awiri chotupa chinaphwa, fungo linatha. Panatsala chilonda chouma ndi malo osalala, ofiira.

Kuchipatala anati atha kubwerera kusukulu. Iye anakana.

"Popanda duku sindipita."

Mkazi wanga anapita kwa aphunzitsi a kalasi. Anamutumiza kwa ahedi. Ahedi anati lamulo silisankha. Masiku ankapita. Mwana anayamba kuthandiza mayi ake kusenda chinangwa, kukatunga madzi, kulera mwana wa mlamu wake. Makope anali pawindo. Poyamba ankawatsegula madzulo aliwonse, kenako mwa apo ndi apo. Ndinawerenga masiku amene wajomba. Anali atapitirira mwezi.

Ndinapita kwa ahedi ndekha. Ndi bambo wachikulire, kasitomala wanga wakale, mutu wake ndimaudziwa kuposa akazi awo.

"Adada," anatero, "ndikaloleza mmodzi, Lolemba atsikana onse abwera ndi maduku, pansi pake ataluka. Ndawadziwa ana amenewa."

"Si mmodzi."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Yendani m'makalasi muone mitu."

Ndinawauza zimene ndinauzidwa kuchipatala. Anamvetsera, kenako anadzisisita pamutu pawo pang'onopang'ono.

"Inuyo ayi," ndinatero. "Akuti akuluakulu siziwagwira kawirikawiri."

Anatsitsa dzanja.

"Lamulo ili anaika ndi makolo, sindinaike ine. Lachisanu kuli msonkhano wawo, tikambirana za zimbudzi. Ngati mukufuna lisinthe, mukanene nokha zimene mwandiuzazi. Ine ndikanena, ati ahedi akupha bizinesi ya munthu."

Ndinabwerera kushopu. Ndinamuuza wa golosale, chifukwa ndinkafuna wina andiletse.

"Mukanena zimenezo, benchi iyo muiwaze nkhuni," anatero.

"Ndikudziwa."

"Mukapanda kunena?"

"Mwana azisenda chinangwa."

Anamwa tiyi wake.

"Ndiye mwabwera kudzafunsa chiyani? Ine ndevu muzindimetabe. Koma mashini muziwatsuka ndikuona."

Masiku atatu otsala kuti Lachisanu lifike ndinameta anthu ndili chete. Ndinkaganiza njira zina. Kumutumiza kwa azakhali ake ku Uraha akayambe sukulu ina. Kudikira tsitsi limere, abwereze kalasi chaka cha mawa. Zonsezo ndinkadziwa mathero ake. Mwana wamkazi wa msinkhu umenewo akakhala pakhomo miyezi isanu ndi umodzi, anthu amayamba kumuona mwa mtundu wina, ndipo iyenso amayamba kudziona choncho.

Msonkhano unali m'kalasi ya sitandade eyiti, makolo titapanikizana m'madesiki a ana. Mayi wa kuchipatala uja anabwera, ahedi anamuitana. Za zimbudzi zinatenga nthawi yaitali. Zitatha ahedi anati pali bambo wina ali ndi mawu.

Ndinaimirira. Sindine wolankhula pagulu. Ndinanena m'Chitumbuka, mwachidule. Ndinati zipere zachuluka pasukulu pano zadutsa pa mpando wanga. Ndinati ndinkayamba ndi odwala n'kumaliza ndi abwinobwino, mashini osatsuka. Ndinati mwana wanga ndinamuwonjezera ndi mafuta a mabuleki, ndipo aliyense amene ali ndi kabotolo kunyumba akataye. Ndinati mwanayo ali pakhomo mwezi ndi theka chifukwa akuopa kuonetsa mutu, ndipo ndikupempha kuti ana amene ali pa mankhwala aziloledwa kuphimba. Ndinakhala pansi.

Kenako mayi wina anaimirira, wogulitsa usipa pamsika.

"Anga awiri ali nazo. Ndinawakwapula, ndimati akusewera ndi agalu. Galuyo tinamupirikitsa. Ndiye galu ndinu?"

Anthu anaseka, koma iye sankaseka.

"Ndine," ndinatero.

Bambo wina anati shopu itsekedwe. Wina anati tinkakuyamikirani inu, kumachita kusankha inu kusiya ometa ena. Wina kumbuyo ananena mawu amene sindingalembe. Ndinamva zonse. Panalibe chabodza.

Mayi wa kuchipatala anapempha kulankhula. Sananditeteze. Anati zimene ndanena ndi zoona, koma ometa ena amachitanso chimodzimodzi, ndipo m'nyumba zambiri chipeso n'chimodzi, lezala ndi limodzi, thaulo ndi limodzi. Kenako anatembenukira kwa ahedi.

"Nanga sizasi ija ya tsiku lotsegulira, imadutsa mitu ingati isanatsukidwe?"

Ahedi anatsokomola, n'kuyamba kusanja mapepala patebulo.

Anagwirizana kuti Lolemba mayiyo abwere adzaone mitu kalasi ndi kalasi. Mwana aliyense wopezeka nazo alandire chithandizo, ndipo aziloledwa kuvala duku kapena chipewa mpaka tsitsi litamera, bola chizichapidwa tsiku ndi tsiku, osabwerekana. Za shopu yanga sanagamule. Panalibe chifukwa. Aliyense anali atagamula kale mumtima mwake, ndipo miyezi yotsatira benchi inandiuza.

Nditafika kunyumba nkhani inali itafika kale. Mwana anali pakhonde akupeta mpunga.

"Akuti munanena pamaso pa anthu onse."

"Ndinanena."

"Ndi za mabuleki zomwe?"

"Zonse."

"Anati chiyani?"

"Anatukwana."

Anapitiriza kupeta. Pakamwa pake panagwedezeka pang'ono, ngati akufuna kuseka. Sananene kuti apita. Ine sindinafunse.

Lamlungu madzulo ndinaona yunifolomu ili pachingwe.

Lolemba mayi ake anang'amba duku lawo pakati, chifukwa lathunthu linkamukulira. Anamumanga. Ananyamula makope, anatuluka. Ndinamutsatira chapatali, ngati ndikupita kwina. Pa mphambano ya kuchigayo anachepetsa liwiro. Ndinaima kuseri kwa mtengo. Anayang'ana njira ya kuchigayo, anakonza duku, n'kupitirira.

Pabwalo la sukulu sanali yekha. Ena makolo awo sanadikire kuyezedwa. Panali maduku a mitundumitundu, zipewa za mpira, ndi mnyamata wina wa sitandade fayifi atavala chipewa chaubweya cha agogo ake, thukuta likutsika m'masaya ndi kutentha kwa kuno. Ana onse ankaseka iyeyo. Mwana wanga analowa pamzere wa kalasi yake, mtsikana wa kutsogolo kwake anasendera kumupatsa malo.

Mayeso a teremu imeneyo sanakhoze bwino. Anabwera ndi lipoti, analiponya patebulo, analira madzulo onse chifukwa anatsika kuchoka pa nambala yachitatu. Mayi ake ankamutonthoza. Ine ndinatuluka panja kuti asaone nkhope yanga, chifukwa kulira kumeneko kunandisangalatsa.

Sitandade eyiti analemba. Pano ali folomu thu, pasekondale yoyendera. Tsitsi linamera malo onse kupatula pakati paja, pamene ndinapala. Ndi malo ngati chala chachikulu, osalala. Amapesa mokhotetsa kuti pabisike, ndipo munthu wosadziwa sangaone. Amamudula ndi mayi ake, ndi sizasi yakeyake. Sitinakambiranepo za malowo, iye ndi ine. Koma akagwada kundipatsa madzi osamba m'manja, mutu wake umakhala pansi pa maso anga, ndipo ndimawaona.